Laputopu ya a Elifala

Lolemba, 10 Malichi 2025

Mvula kuyambira m'mawa. Bwana Chikhumbo akuti ndiyeretse pulogalamu yathu ya chitetezo, ija imaonetsa laputopu iliyonse ya bungwe ndi tsiku limene inalumikizika komaliza. Yomwe yakhala chete masiku 90 ichotsedwe.

Ndinasefa, zatuluka 23. Zambiri ndikuzidziwa: zakufa, zonyowa, ziwiri za alangizi a ku Chisepo kumene netiweki ndi yochita kukwera pachulu. Koma NTC-07 yandiimitsa. Ya a Elifala Mkwezalamba, mlangizi wathu wa ku Ntchisi. Anachotsedwa ntchito mu Juni chaka chatha powaganizira kuti anaigulitsa.

Kulumikizika komaliza: 14 Ogasiti. Pa waifai ya ofesi ino ya ku Mponela.

Ndatseka tsambalo. Sindinachotse ngakhale imodzi.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndayang'ananso, mwina ndinawerenga molakwa. Ayi. Miyezi iwiri mwini wake atachotsedwa, laputopuyo inayaka muno.

Tsiku la mlandu wawo silikundichoka. Jekete lawo la kutchalitchi, chisoti cha njinga yamoto chili pamaondo. A Elifala anati, "Ndinaisiya kwa achemwali a Lidia, sikirini itasweka." Mabwana atandifunsa ndinati m'buku lolandirira katundu mulibe. Sindinaname, munalibedi. A Elifala anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati akudikira kuti ndikumbukire.

Lero aliyense wodutsa pakhomo ndi chisoti, ndikumamuyang'ana nkhope.

Lachinayi, 13 Malichi

14 Ogasiti ndaikumbukira. Ndi tsiku limene ndinatulutsa katoni ya makompyuta owonongeka n'kumayatsa imodziimodzi, kuona yomwe ingadzuke. Ina inangolira fani, sikirini bii. Ndinaizimitsa n'kuibweza.

Masana ndinalowa m'chipinda chosungiramo katundu. Fungo la makoswe ndi mbewu yothira mankhwala. Pansi penipeni pa katoni ija, laputopu yakuda, stika yofufutika ndi chikwama cha panjinga. Nambala ya kunsi kwake ndi yomweyo ya m'pulogalamu. Pakati pa mabatani pali kachikhoko ka mtedza.

Ndinakhala pa thumba la feteleza. Zinabwera zokha m'maganizo. Meyi, tsiku limene amayi anagonekedwa m'chipatala. Ine foni kukhutu, chikwama m'manja, munthu waima pakhomo ndi chinthu m'khwapa. Ndinati ikani pomwepo, ndilemba mawa. Nkhope yake sindinaiyang'ane n'komwe.

Sindinadye.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndaiika pa tebulo la bwana. Anaitembenuza, n'kudzuka kukatseka chitseko. Akuti nkhaniyo inatha, kulikulu anasainira kale, ndipo ndikaidzutsa ntchito yothayo ndi yanga. "Dinani batani, mayi Lidia. Katoni ija tiitaya mwezi uno."

Sananene mwankhanza. Akuganiza kuti akundithandiza.

Batanilo ndi lofiira, kenako limafunsa ngati ndatsimikiza. Ndachotsa 22.

Loweruka, 15 Malichi

Minibasi mpaka ku boma la Ntchisi, kenako kabaza kukwera mapiri. Matope, nkhungu yakuta nkhalango, fodya ali m'zigafa. Ndinakonza mawu njira yonse oti ndiwauze a Elifala.

Kulibe. Ndinapeza akazi awo, a Faines, akusoka fodya okha. Akuti mbiri itafika kumudzi, kumphakati anawachotsa pa ulembi, alimi omwe ankawaphunzitsa n'kuyamba kuwalambalala. Mu Seputembala ananyamuka ulendo wa ku Joni ndi anthu ena pa thiraki. Ankaimba foni Lamulungu lililonse. Anaimba komaliza pa Khirisimasi. Chichokere pamenepo foni siilowa, ndipo omwe anapita nawo akuti anasiyana nawo kalekale.

Atamva dzina langa anandiyalira mphasa yatsopano. "Ankakutchulani. Ankati achemwali aja adzakumbukira, anali ndi matenda basi."

Ndinawauza zonse. Sanalire. Anapitiriza kusoka mpaka chingwe chinatha, kenako anafunsa ngati laputopuyo ikadali yosweka. Ndinati inde. Anagwedeza mutu. Pochoka anandipatsa chimanga chachiwisi, ndipo ndinalephera kukana.

Lachitatu, 19 Malichi

Chimanga chija chikufota pawindo. Sindingachiwotche, sindingachitaye.

Mzere umodzi watsala pa tsambalo. M'mawa uliwonse ndikatsegula, dzina lawo lili pamenepo, kadontho kotuwa pambali pake. Dzulo ndinamva njinga yamoto ikuima panja, mtima unati ndi iwo. Anali wogulitsa nyemba.

Ndajambula tsambalo, ndalemba kalata ya kulikulu, dzina langa pansi. Ndatumiza isanakwane 12. Bwana sakundilankhula. Amayi akuti ndapenga, ndani aziwagulira mankhwala a shuga ndikachotsedwa? 

Lachisanu, 21 Malichi

Kulikulu ayankha. Ndikaonekere Lachiwiri. Akufunsanso adiresi ya a Elifala kuti awalembere kalata yowapepesa. Malowo ndawasiya opanda kanthu.

Loweruka, 22 Malichi

A Faines aimba ndi foni ya mnansi. Akuti kalata ya kulikulu alibe nayo ntchito, kumudzi palibe adzaiwerenge. Akufuna ndipite mawa ikatha Misa, ndikaime pamaso pa anthu a mumphakati ndi apongozi awo, ndikanene ndi pakamwa panga. Akuti apongoziwo, bambo awo a Elifala, omwe ndi okalamba, anasiya kutchula dzina la mwana wawo chichokere Juni, ndipo masiku ano akudwaladwala.

Ndinafunsa ngati ndibwere ndi laputopuyo. "Bwerani nayo. Agogo saona bwino, koma aigwire."

Ndasainira m'buku kuti ndaitulutsa, tsiku ndi nthawi yomwe. Ndaikulunga m'chitenje. Minibasi yoyamba imanyamuka 5 koloko.