Mapepala Awiri a Rapadura

Lolemba, 5 Juni

Mvula yowaza kuyambira m'mawa, ija yosanyowetsa koma yolowa m'mafupa. Pano ndi cha m'ma sikisi madzulo. Ndangofika kumene kuchokera kofakitale yosoka. Zala zauma ndi sizasi, tsiku lonse kudula ulusi pa mathalauza.

Amupeza Rapadura.

Miyezi inayi ndikumubisa m'chipinda muno. Kutuluka naye m'chikwama m'mamawa, kubwera naye m'chikwama. Sanauwepo ngakhale kamodzi. Lero wogulitsa gasi anasokoneza zitseko n'kugogoda changa. Rapa anauwa. A Dona Zulmira, eni nyumba, anatsegula ndi kiyi wawo, n'kupeza galu wofiirira ali phee pabedi ngati ndiye wolipira lendi.

Anandidikirira pamasitepe. "Edileuza, mwana iwe, nkhope ngati chifanizo cha m'tchalitchi, chonsecho ukuweta chilombo m'nyumba mwanga?" Ndinangoyang'ana masilipasi awo.

Akuti zipinda ndi khumi ndi ziwiri, akalola galu lero mawa wina abwera ndi mbuzi. Akuti pofika pa 30 akhale atachoka.

Rapa wagona pamapazi anga. Sakudziwa kanthu. Ndamupatsa theka la soseji.

Lachitatu, 7 Juni

A Marinalva, a chipinda choyandikana ndi changa. Aku Bahia, onenepa, mawu ngati wailesi. Amakonza m'nyumba za olemera. Chaka chathunthu timangopatsana moni pampopi wochapira. Lero andigwira mkono.

"Iwe Chetechete, ungomusiya galuyo apite osalimbana n'komwe?"

Akuti abwana awo ali ndi kagalu koyera kokhala ndi kalata ya dokotala, yonena kuti ndi kothandiza mtima wa mwini wake. "Kamalowa paliponse, kamadya bwino kuposa ine. Wakoyu ali ndi miyendo ingati? Si inayinso?"

Sanandifunse. Anatsika okha kwa a Dona Zulmira. Nyumba yonse inamva. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko.

Zotsatira zake: mapepala awiri. Khadi la boma la galu, ndi kalata ya dokotala yodinda. A Dona Zulmira akuti, "Ndione ndi maso angawa, kuti ena akadandaula ndiwatseke pakamwa. Pa 30. Palibe pepala, galu panja. Ukafuna umutsatire."

Ndingamutsatire kuti? Chipinda cha mtengo uwu m'dera la Brás lino sichipezekanso.

Ndimafuna kunena zikomo kwa a Marinalva. Pomwe mawu amafika pakhosi n'kuti atalowa kale kwawo.

Loweruka, 10 Juni

Dzuwa pang'ono. Tenti ya boma pabwalo, katemera wa chiwewe ndi kulembetsa agalu. Zaulere, Mulungu adalitse. Mzere wautali. Agalu opesedwa, ena ovala majuzi abwino kuposa yanga. Rapa ndinamumanga ndi lamba wa diresi.

Jekeseni sanalire. Ine ndi amene ndinatsinzina.

Bambo wolemba anafunsa dzina, zaka, maonekedwe. Kenako mtundu wake. Ndinati sindikudziwa, ndinamutola ali m'katoni kuseri kwa fakitale. Analemba zilembo zitatu, SRD. Akuti ndiye kuti wopanda mtundu wodziwika. Anaseka. "Musade nkhawa mayi, theka la dziko lino ndife otero."

Pakhadipo salemba kuti mwini, amalemba kuti womulera. Dzina langa lonse, pansi pa lake. Chibwerereni ku São Paulo ndinali ndisanaone pepala lokhala ndi dzina langa pamodzi ndi la wina.

Ndinadzilimbitsa n'kufunsa ngati khadili ndi lokwanira. Ayi. Akuti galu wotsogolera wakhungu ndi amene lamulo limamutsegulira zitseko zonse. "Wa mtimayo ndi nkhani ya inu ndi dokotala wanu."

Kachitsulo ka nambala m'khosi. Kamalira ngwe ngwe akamayenda. Tinalowa pakhomo lalikulu, osati m'chikwama. Pepala limodzi latheka.

Lamulungu, 11 Juni

Amayi aimba foni atachoka ku Misa. Kwathu ku Piauí chimanga chacha, akukonzekera chikondwerero cha Yohane Woyera. Mbuzi ya bambo yaswa awiri.

"Uli bwanji mwanangu?" Ndili bwino, tiyamike Mulungu. "Anzako uli nawo?" Ambiri.

Za galu sindinanene. Akanati chakudya chotaya.

Foni itaduka, zija za Lamulungu lililonse. Rapa anakwera pabedi. Sindinaphike.

Lachinayi, 15 Juni

Ndalephera. Ndekha, ndi pakamwa pangapa.

Ndinapempha theka la tsiku kuntchito. Ndinavala bulauzi ya kutchalitchi, kupesa, kudzola mafuta onunkhira. Amayi amati kwa dokotala sapita ngati wopemphetsa.

Chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. A dokotala Solange, achitsikana ndithu, a magalasi. Aulemu. Anandipatsa mpando.

Muli bwanji? Ndili bwino, tiyamike Mulungu.
Mumagona? Eya.
Mumadya? Eya.
Muli ndi ocheza nawo? Alipo.

Zimangotuluka zokha ngati Amen. Munthu wophunzira chonchija, wotanganidwa, panja anthu akutsokomola, ine ndiyambe kumudandaulira?

Anafunsa chandibweretsa. Ndinati kalata ya galu. Anaika cholembera pansi. "A Edileuza, kalata imeneyo ndimalembera munthu amene akuvutika. Inu mwandiuza kuti zonse zili bwino. Pali china chimene simunanene?"

Anadikira. Nthawi yaitali. Ndinawerenga masiku onse apakalendala yapakhoma.

Kwathu matenda ndi chinthu choloza ndi chala. Dzino, mimba, bondo. Zotsalazo umauza Mulungu. Ndikanaloza pati?

Ndinati pepani ndakutayitsani nthawi. Ndinathokozanso potuluka.

Lachiwiri, 20 Juni

Kuzizira. Zovala sizikuuma. Mpunga ndi dzira.

A Seu Genivaldo, alonda akofakitale, akuti mchimwene wawo ali ndi bwalo la zitsulo zakutha ku Guarulhos, akufuna galu wouwa. "Chakudya adzadya, mwanawe. Unyolo ndi wautali." Ndati ndiganiza kaye.

Unyolo wautali ndi wotalika bwanji?

Ndayesa pagalasi. Sindili bwino. Sindili bwino. Zikumveka ngati ndikunyoza Mulungu, amene wandipatsa ntchito ndi denga. Anthu akugona pansi pa mlatho, ine ndili ndi bulangete.

Masiku khumi.

Loweruka, 24 Juni

Yohane Woyera. Kwathu pano akuunjika nkhuni pakhomo lililonse, amayi akupera chimanga chachiwisi, azisuweni akubwerekana malaya. Kuno timbendera tapepala m'masitolo basi. Makombola ayamba masana. Rapa pansi pa bedi, kunjenjemera. Ndinalowetsa mkono kumugwira mwendo.

Pampopi a Marinalva anafunsa za kalata. Ndinawauza zonse. Anagwetsa beseni.

"Unati uli bwino? Mayi Maria! Unkafunsira ntchito kapena ukwati? Kwa dokotala sapitira moni, Chetechete iwe!"

Akuti Lachiwiri tipita tonse. Mayi wolembetsa odwala amapemphera nawo tchalitchi chimodzi, atipezera malo. Ndinati musavutike. Akuti, "Ndavutika kale."

Anandipatsa chigumu chachimanga, chokulunga m'pepala. Sichikufanana ndi cha amayi. Ndadya chonse.

Lachiwiri, 27 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Panjira ndinawapempha kuti asaname kwambiri. Ndimaganiza kuti akupita kukandinamira, kuti mwina anene kuti ndimakomoka. Anati, "Ine kunama? Ndimalandira Ukaristia mlungu uliwonse."

Dokotala yemweyo. Anandikumbukira. Muli bwanji lero? Ndisanatsegule pakamwa a Marinalva anandiponda phazi.

"A dokotala, uyu musamufunse, akuuzani kuti ali bwino ngakhale ali m'bokosi. Funsani ine. Pakati pa bedi langa ndi lake pali khoma la matabwa, lopyapyala ngati bisiketi."

Ndipo ananena. Kuti Lamulungu lililonse foni ya amayi anga ikaduka ndimalira mpaka dzuwa kulowa, nditadziphimba kumaso ndi pilo, poganiza kuti sizimveka. Kuti chitofu changa chimatha masiku atatu osayaka. Kuti chaka chatha kunali miyezi yomwe sanamve liwu langa ngakhale limodzi, moti tsiku lina anaika khutu pathabwa kuti amve ngati ndikupuma. Kuti chibwerere galuyo ndimalankhula. Ndimamuuza za kuntchito, za mbuzi za bambo. Ndimaimba.

"Amaimba moipa, a dokotala, ngati chitseko chadzimbiri. Koma ine ndikamva ndimagona mtima uli m'malo. Galuyo ndinamudziwa tsiku loyamba lomwe. Ndinauza ndani?"

Palibe bodza ngakhale limodzi.

Ndimafuna nthaka itseguke. A dokotala anatembenukira kwa ine. "A Edileuza, ndi zoona?"

Mawu aja anali kale pamilomo, a masiku onse. Ndinawameza. Ndinati eya.

Eya yekhayo, kenako sindinathenso kudzigwira. Pamaso pa anthu awiri. A dokotala anawatulutsa a Marinalva n'kutseka chitseko. Theka la ola. Amafunsa, ndimayankha, pang'onopang'ono. Akuti matendawa ali ndi dzina, ndipo ambiri amene amatsokomola panjapo ali nawonso. Akuti kalata alemba, koma galu yekha si mankhwala, ndizibwera pakatha milungu iwiri iliyonse.

Kalata ili m'Baibulo. Yodinda.

M'basi ndinakhala kuzenera osawayang'ana. Iwo amangokamba za mtengo wa tomato.

Chaka chathunthu. Anamva zonse.

Lachinayi, 29 Juni

Masiku awiri osamulankhula Rapa. Ndikati nditsegule pakamwa, ndimaona khoma. Ndimangomukodola ndi dzanja. Akundiyang'ana mutu uli chopendekera. Wandibweretsera silipasi, kenako inzake. Akuganiza kuti walakwa.

Ndimayenda monyang'ama m'chipinda changa chomwe. Supuni ndimaika pansi mosamala. Pampopi ndikupita nthawi yomwe a Marinalva kulibe.

Kalata ndaiwerenga kanayi. Mawu ena ndi ovuta, koma omveka ndawamva. Dzina langa, dzina la matenda, kuti wodwalayu amakhala yekha. Wodwalayu. A Dona Zulmira awerenga zimenezo. Pofika Loweruka zipinda zonse khumi ndi ziwiri zidzakhala zitadziwa kuti wa m'chipinda cha nambala seveni mutu wake suli bwino. Pamwamba pali banja la kufupi ndi kwathu. Zikafika kwa amayi?

A Seu Genivaldo akuti mchimwene wawo akudutsa mawa madzulo ndi galimoto. Ndikangoti eya, palibe adzawerenge kanthu. Kalata ikhala m'Baibulo, ine ndikhala wabwinobwino monga kale.

Monga kale.

Rapa wagona mphuno ili pa nsapato yanga.

Lachisanu, 30 Juni

Kwacha ndi nkhungu. Ndinatsika ndisanapite kuntchito, ndisanayambe kuganiza. A Dona Zulmira anali kukhitchini, akusefa khofi. Ndinaika mapepala onse awiri patebulo. Khadi linagwa pansi, ndinalitola.

Anavala magalasi. Amawerenga ndi milomo, chala chikutsata mzere. Anafika pa liwu lija. Anaima. Anabwereza.

Ndimadikira kuti aseke, kapena aitane wina.

Anapinda kalata mmene inalili n'kundibwezera. "Iyi sunga wekha. Ofuna kudziwa ndiwauza kuti ndaona chidindo." Kenako, "Asakodze m'khonde. Akakodza ukolopa ndi bulauzi yako ya kutchalitchi ija."

Ndili pachitseko anatinso, osandiyang'ana, "Malemu amuna anga atapita ndinatha miyezi isanu ndi itatu osatsegula zenera. Kalata panalibe nthawi imeneyo." Anatembenukira ku khofi wawo.

A Seu Genivaldo ndawauza kuti ayi. Akuti, "Kodi umalankhula, iwe?"

Madzulo ano ndagula fupa kubutchala. Ndinatsegula chitseko, Rapa ali pakati pa chipinda, osadumpha, mchira pansi, akudikira dzanja langa. Kuseri kwa matabwa poto akulira, wailesi yazimitsidwa. A Marinalva ali momwemo. Amva.

Ndinakhala pabedi nthawi ndithu, fupa lili m'manja. Kenako ndinanena ndi mawu a masiku onse, osanong'ona. Rapa, sukupita. Ukhala.

Anandidumphira mpaka ndinagunda mutu kukhoma.

Ndipo kuseri kuja, "Ndamva! Muuzenso kuti nyemba zapsa, abwere ndi mayi ake. Mbale zanga n'zochepa, utenge yako."

Ndinatenga kope ili kuti ndilembe kaye. Zili ngati ndaitanidwa kupolisi. Ndikakakhala pansi ndikanena chiyani? Akudziwa kale zonse.

Agogodanso pathabwa. Kawiri.

Mbale yabuluu ndi yong'aluka m'mphepete. Nditenga yoyera.

Ndalekera pano, Lachisanu pa 30 Juni, nthawi itangopitirira hafu sikisi madzulo.