Thukuta la m'manja mwa Tadala

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Chisepo tilipo ndithu. Mng'ono wanga Felista anachira mu Febuluwale, mwana wamwamuna, mphuno yake ya abambo yeniyeni. Chimanga tikukolola, nkhokwe idzaza, koma mtedza wa kumunda wakumtunda unapsa ndi dzuwa. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri, ndipo kuba sinasiye.

Chimene chandikhazika pansi lero ndi mdzukulu wanu Tadala, mwana wanga woyamba uja. Manja ake akutuluka thukuta losalekeza, ngakhale m'mawa tonsefe tikunjenjemera. Akagwira kope, pepala limanyowa, inki n'kumwazika. Pa mayeso oyeserera aphunzitsi anamubwezera mapepala, ati sakuwerengeka. Tsono wanenetsa kuti mayeso a Fomu 4 sakalemba, pomwe kwangotsala masabata asanu ndi limodzi. Mtima ukundiwawa, Amayi, zaka zonsezi mwana akuyenda wapansi kupita kusukulu.

Mukundidziwa ine, sindichedwa kukayikira munthu. Ndinayamba ndi alamu anga a Nachisale, akazi a achimwene Yohane. Wawo mwana analephera chaka chatha, komanso pamaliro anu ndinawaona atagwira manja a Tadala nthawi yaitali, ati akumutonthoza. Ndinasiya kudya kwawo. Pamjigo ndinaponya mawu, anthu onse akumva. Munkandiuza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma tsiku limenelo ndinalibe makutu.

Ku Mponela mkulu wina wa jekete anandionetsa botolo lopanda dzina, ati limachiza thukuta, shuga, msana ndi kusabereka komwe. Ndinakumbukira chikomekome cha mkuyu chanu chija, n'kumusiya akulankhulabe.

Kuchipatala cha pa boma tinapeza dokotala wamkazi, kamtsikana ndithu, moti naye ndinamuyang'ana ndi diso limodzi. Anamuyeza Tadala shuga, chifuwa chachikulu ndi zapakhosi, osapeza kanthu. Anati matendawa amawadziwa. Anatipatsa mankhwala opaka pogona manja atauma, n'kusamba m'mawa. Akakanika amenewo, ati pali mapiritsi, koma amaumitsa kukamwa. Kupitirira apo ndi ku Lilongwe: kuviika manja m'madzi odutsitsa timagetsi, kapena jakisoni, kapena opaleshoni yodula kamtsempha, imene nthawi zina imangosamutsira thukuta kumsana. Magetsi m'madzi, mwana wanga? Ndinakana chamumtima. Pomaliza anandifunsa ngati kumtundu kwathu alipo wina wa manja otere, poti zimayenda m'magazi. Ndinayankha mokweza kuti kwathu kulibe zimenezo.

M'minibasi pobwerera ndi m'mene ndinayamba kukukayikirani inuyo, Amayi.

Sindikukumbukira tsiku limene munapatsa munthu moni wa dzanja. Munkagwada patali n'kuomba m'manja, parishi yonse n'kumakutamani kuti ulemu ndi umenewo. Pa Misa, ikafika nthawi yopatsana mtendere, manja anu ankakhala m'chitenje, inu n'kungowerama. Nyengo yosankha fodya tonse tinkakhala m'chigafa, inu ayi, ati fungo lake limakutsekani pachifuwa. Chonsecho kukhitchini munkakhala mu utsi tsiku lonse osatsokomola. Fodya sakondana ndi dzanja lonyowa, ndipo abambo ankadziwa, eti?

Nditafika ndinatsegula sutikesi yanu, koyamba chiikireni maliro. Waya wa korona yanu yopempherera ndi dzimbiri lokhalokha. Buku lanu la mapemphero masamba ake ndi opindikapindika, ofiirira m'mbali momwe munkagwira, chimodzimodzi makope a Tadala. Munkatiuza kuti sukulu munalekera Sitandade 3 chifukwa mtsinje unkadzaza. Unalidi mtsinje, Amayi? Bwanji osandiuza, ine mwana wanu? Ndakwiya nanu, komanso ndakulirani kuposa tsiku lija kumanda.

Bukulo ndinamupatsa Tadala. Anaika zala zake pamalo ofiirirawo. Mankhwala aja wapaka sabata imodzi tsopano. Akuti akuyabwa, koma dzulo walemba tsamba lathunthu osang'ambika. Ine sindinawakhulupirirebe kwenikweni, ndikuwayang'anira. Chitenje chanu chobiriwira chija ndachidula tizidutswa, ndapinda m'mphepete, kuti aziyala pansi pa dzanja polemba. Mundikhululukire, sindinakupempheni. Za mayeso sanavomere ndi pakamwa, koma tizidutswato waika yekha m'chikwama cha sukulu.

Mawa ndinyamula nkhuku kupita kwa a Nachisale, ndipo Loweruka ndikapepesanso pamjigo pomwe ndinalankhulira. Tsiku la mayeso ndidzamuperekeza Tadala mpaka pakhomo la kalasi, olo manja akuchucha. Mtsinje umene unakubwezani inu, uyu awoloka, ndikukulonjezani.

Ndipo ndikadzafika kumeneko, musadzandiombere m'manja muli patali. Mudzandipatse dzanja, lonyowa lomwelo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati