Deliwe Wakana Nkhuni za Maliro

Thambani, Mwanza
14 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Fyness,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Musaope poona kalata, nkhani ndi yabwino: chotupa cha mu ubongo wa mng'ono wanu Deliwe chafota. Tabwera dzulo kuchokera ku Blantyre. Dokotala ataika pamodzi chithunzi chakale ndi chatsopano, Vincent, mwamuna wa Deliwe, anadzionera yekha kusiyana, mpaka anavina mu ofesi ya eni ake.

Pafoni paja ndinkangoti akupezako. Panali zambiri, achemwali. Atamuchita opaleshoni anayamba mankhwala a khansa, koma sanagwire. Chotupa chinayambanso kukula, mwendo wamanzere n'kuyamba kukoka. Madokotala anati ayambe mankhwala a mtundu wina, koma amalume a Sankhani, monga mwini mbumba, anagamula kuti: "Magazi ake akana mankhwala. Mwana abwere kumudzi, asakafere m'manja mwa alendo." Vincent ndi mkamwini, akanati chiyani? Tinamutengera kwa amayi ku Nthache.

Ine mtima sunakhale pansi. Ndinabwerera kukafunsa dokotala chifukwa chimene mankhwala amakanikira, ndipo atamva kuti ndimaphunzitsa sayansi anandimasulira bwinobwino. Lolani ndikufotokozereni, mukundidziwa sindingapirire. Thupi lathu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, maselo. Pakhungu la selo lililonse pali mapuloteni amene ali ngati zitseko ndi alonda. Selo limaveka mapuloteniwa timikanda ta shuga, osati wa mu tiyi ayi, koma amene limalumikiza lokha, ndipo kavalidwe kameneka kamakhudza mmene amagwirira ntchito. Maselo a khansa amasintha timikandati. Akatswiri akuona kuti kusinthako kungathandize selo kulavula mankhwala kapena kuwapirira. Dokotalayo anati kafukufuku akadali mkati, ndipo sangalumbire kuti n'zimene zinachitika kwa Deliwe. Koma ananenetsa kuti chokana mankhwala ndi chotupa, osati magazi a wodwala, komanso kuti chotupa chokana mankhwala amodzi nthawi zina chimagonja kwa ena.

Ndinathamangira ku Nthache ngati ndatola golide. Pabwalo, abale onse atakhala, ndinajambula selo pansi ndi kamtengo, ndi timikanda take tomwe. Amalume anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Aphunzitsi, mikandayo mwaiona ndi maso anu?" Ndinati ayi. "Ndiye fufutani. Pano si pa Fomu 2." Anthu anaseka, ine ndinafufuta ndi phazi.

Mukudziwa zimene timachita kwathu wodwala akatsika kwambiri. Azimayi odzazonda matenda anayamba kubwera aliyense ndi kamtolo ka nkhuni, n'kukatula kuseri kwa nyumba osanena kanthu. Mmawa wina Deliwe akupita kubafa, atatsamira phewa la amayi, anauona muluwo. Anaima, n'kutumiza mawu kuti amalume abwere.

"Amalume, nkhuni zonsezi, akukwatiwa ndani?"

Deliwe analoza muluwo, n'kupitiriza:

"Ngati ndi za maliro anga, mwafulumira. Zimene achimwene ankafotokoza zija ndinazimva ndili pamphasa m'nyumbamo. Ngati wakana mankhwala ndi chotupa, bwanji mukugoneka ine? Mbumba ndi yanu, amalume, sindikukana. Koma mutuwu ndi wanga."

Amalume anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati nthawi yaitali ngati muli yankho. Kenako anakuwa: "Vincent! Ukudikira chiyani? Kaitane kabaza!" Anatiperekeza okha mpaka pa boma, ndipo anakangana ndi kondakitala wa minibasi kuti Deliwe akhale mpando wakutsogolo.

Mankhwala achiwiriwa sanali masewera. Anasanza, tsitsi linathothoka, masiku ena sankafuna kuona munthu. Koma sanajombe ngakhale kamodzi. Dokotala wati chotupa sichinatheretu, ndipo tizipitabe kukaunikitsa. Ananenanso zina, zimenezo tidzakambirana mukadzabwera. Lero tisangalale kaye. Amalume akuyenda mudzi wonse kuuza anthu za mikanda ya shuga, mosokoneza ndithu, ndipo akuti anazitulukira okha. Ine ndangowasiya.

Amayi akupereka moni, akuti ayambanso kudya bwino. Vincent akuti zikomo chifukwa cha mapemphero. Manachesi apsa, mitengo yaweramira pansi, ndipo Deliwe dzulo anathyolako awiri ndi dzanja lake. Iyenso akupereka moni wambiri. Akuti wigi munalonjeza ija musagule, tsitsi layamba kumera. M'malo mwake mutumize nsapato zolimba, saizi sikisi, zopanda chidendene, pakuti ali ndi maulendo ambiri oti ayende.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Langton