Pulagi Ili kwa Azakhali

Loweruka

07:52 Pulofesa: zakhali pulagi ya njinga yamoto ili kuti? tinagwirizana kuliza engine lero

07:59 Pulofesa: mwawerenga, ma tick a blue ndikuwaona

08:04 Amakaniko: ndinyamuke ku garaja kuno kapena ndisavutike?

08:06 Azakhali: pulagi ili mu bra. bra ili pa ine. ine ndili pa mzere wa bp kuchipatala kkkk

08:06 Pulofesa: zakhali pls sizoseka izi

08:10 Azakhali: 🎤 0:49 Ndani akuseka? Njinga imeneyo ndi ya malemu amuna anga. Zaka 19 ili mu shedi, ine kuipukuta ngati khanda. Iwe mwana wa achimwene anga, chitsulo cha mu engine chija mumati kamu unachisaka zaka ziwiri, unanena wekha kuti china kulibe, chikadyeka njinga yafa. Ndiye lero palibe choliza. Bp yangayi ndinu awiri.

08:12 Pulofesa: oil tinathira kale, 20w50 wa njinga. nkhani inatha

08:13 Azakhali: inatha pakamwa. sabata yonse kulalatirana za zinki, mankhwala othira mu oilo aja, pakhonde panga mpaka nkhuku zasiya kuikira

08:15 Amakaniko: ine ndinanena poyera mayi. engine yakale yomanga kumene imafuna zinc, kamu imakhulana chitsulo pa chitsulo. kabotolo kamodzi basi. bwanawa anakana

08:15 Pulofesa: cz oil ameneyu ali nayo kale!! ndinawerenga

08:16 Amakaniko: ndiye ndinati chabwino njinga ndi yanu. sindinathire

08:16 Azakhali: eee? bwerezani bambo

08:22 Azakhali: mwameza lilime?

08:23 Azakhali: lachitatu mmawa ndani analowa mu shedi kabotolo kali mu sokosi, akuyenda ngati mphaka waba nyama

08:27 Amakaniko: mumaonera pati mayi

08:27 Azakhali: khoma lili ndi bowo. ndinaboola ndekha

08:28 Pulofesa: WHAT. mwathira zinthu mu engine ine osadziwa??

08:29 Amakaniko: zaka 30 ndikumanga ma engine. sindingaonerere kamu yabwino ikufa chifukwa cha foni yanu

08:29 Pulofesa: kumeneku ndi kusakhulupirika. munthu wamkulu ngati inu, kubisala? shame

08:30 Azakhali: chete iwe. lachinayi masana unali kuti

08:36 Azakhali: pulofesa

08:37 Azakhali: 📷

08:37 Azakhali: mutu wawerama pa njingawu ndi wandani? dazi lake ndi la achimwene anga lenileni. nanga mmanjamo ndi soda?

08:41 Pulofesa: ndinawerenganso pena. anati kuthira ndi bwino. kamodzi kokha

08:42 Amakaniko: 🎤 0:31 Aaa! Inu! Munanditchula wachikale pamaso pa mayiwa! Munati nzeru zanga zinachita dzimbiri! Lero mabotolo awiri mu malita awiri? Mankhwala akachuluka ndi poizoni, zinc ameneyo akanadya chitsulo chomwe timati tikuteteza!

08:43 Pulofesa: mukanandiuza kuti mwathira!

08:43 Amakaniko: inu munandiuza?

08:47 Azakhali: 🎤 0:44 Taonani manyazi. Amuna awiri a ndevu zawo, wina satifiketi yodzaza khoma, wina zaka sate, kumabisirana kabotolo ngati mitala ikubisirana sopo. Wapulumutsa njinga ndi ine wa sitandade thuu. Khuthulani oilo yense. Pulofesa kagule watsopano. Muthira ine nditakhala pa mpando, maso ali gwa.

08:48 Amakaniko: zamveka mayi. ndanyamuka

08:48 Pulofesa: sorry zakhali. zkm

08:49 Azakhali: sorry sakazingira mazira. thamanga

10:14 Pulofesa: ndili ku shopu ya ma spare. oil ndapeza. zinc akuti watha

10:15 Amakaniko: watha bwanji, ndani amagula zimenezo kuno

10:17 Pulofesa: wogulitsa akuti anali ndi mabotolo atatu okha. limodzi inu, limodzi ine

10:18 Pulofesa: loyamba anagula mayi wina wachikulire lolemba. duku lofiira, mpata kumano

10:18 Pulofesa: akuti anafunsa mankhwala olimbitsa mafupa a njinga. potuluka anamuuza kuti amete, mwina angapeze banja

10:19 Pulofesa: zakhali

10:26 Pulofesa: ZAKHALI

10:28 Amakaniko: ndiye chifukwa chake fanelo yanga ndinaipeza kukhitchini, yotsukatsuka

10:44 Azakhali: amayi a duku lofiira ndi ambiri mdziko muno

10:44 Pulofesa: ATATU?? mmawa wonse kutinyoza ife chonsecho woyamba ndinu??

10:45 Amakaniko: mphaka waba nyama ndi ine eti mayi

10:53 Azakhali: 🎤 1:02 Musandikweze bp, angondiyeza kumene. Lolemba ndinamva ndi makutu angawa amakaniko akuti chabwino njinga ndi yanu. Ndinati basi, njinga ya amuna anga ailiza yanjala. Mwini wake ankadya nayo mbale imodzi njinga imeneyo. Ankandikweza kumbuyo, ine kukuwa, iwo kuseka. Ndikanangokhala? Ndinathira. Kenako ndikuona mbava yoyamba, kenako yachiwiri, mtima kuti myuu. Mukanakhala anthu onena zoona, botolo likanakhala limodzi, langalo. Olakwa ndinu.

10:55 Pulofesa: eish. nde pano zinc kulibe. tipanga bwnj

11:02 Amakaniko: musataye oil wakaleyo. muli mabotolo atatu. timugawe patatu, gawo limodzi tibwezere, kotsalako watsopano. likhala ngati botolo limodzi

11:03 Pulofesa: zikumveka. sindiwerenga kalikonse

11:03 Azakhali: gawo lobwezeralo ndi langa. anuwo mukapake zitseko

11:04 Amakaniko: anasakanikirana mayi

11:04 Azakhali: langa ndilizindikira. ndili mu minibasi

13:20 Amakaniko: mayi tulukani, mwangotiponyera pulagi nkulowa mnyumba

13:21 Azakhali: ndi yofunda. musafunse

13:38 Pulofesa: 🎤 0:18 Yalira! Yalira zakhali! Kick yachiwiri yokha! Mukumva?

13:40 Pulofesa: bwerani mudzaone, akuti ilire 20 mins osazimitsa

13:46 Pulofesa: zakhali chitseko mwakiya bwanji

13:52 Azakhali: ndikumva ndili muno. inkalira chonchi malemu akamakhota pa geti

13:53 Azakhali: utsi wanuwo wandilowa mmaso. zitsiru inu

13:53 Azakhali: musazimitse