Mzere wa Pansi pa Bondo

Jones mphwanga,

Uli bwanji ku Mzuzuko? Kuno ku Domasi tilipo, mpunga wacha.

Nsapato unatumiza zija ndimazinyamula m'manja popita ku tchalitchi, ndimakavalira pakhomo kuti zisathe. Chibadwire ndimayenda wopanda nsapato, ndipo mawondo anga ndi olimba kuposa ako. Koma mwezi watha ndinaponda botolo losweka pa Songani, osamva kanthu. Akuti ndi shuga. Balalo lada, silikupola.

Dzulo adokotala anajambula mzere pansi pa bondo langa, nati, "Agogo, Lachinayi mubwere ndi wachibale wodzasayina."

Ndinati, "Mwendo wanga womwe, asayine wina?"

Amayi ako usawauze. Ine sindinavomere ayi, komabe Lachitatu ukwere basi.

Ndine malume ako,
Masautso