Ali Momwemo

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Kunazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikikebe.

Masana Tamanda, wophunzira wobadwira ku Scarborough, konkuno kutsidya kwa nyanja, amene Chichewa chake n'choperewera, anabwera ku chipinda chathu cha maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, chimene ndimasamalira ndipo ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito mosinthana. Anasiya patebulo kabotolo momwe munali kachidutswa ka ubongo wa munthu amene anadzipereka ku kafukufuku asanamwalire. Mankhwala anali atasukuluza kachidutswako mpaka kumaonekera ngati madzi. Ine ndinayesa ndi mankhwala otsala, ndipo ndinapendeketsa kabotoloko kuti nditaye. Ntchito yake ya miyezi inayi ikanathera pomwepo.

"Ankolo, musataye! Ali momwemo!" anakuwa Tamanda.

Ndinafuna kumukonza kuti ubongo timati "uli", pakuti "ali" ndi munthu. Koma tinayamba taika kachidutswako m'makina. Kuwala kopyapyala ngati lumo kunakadutsa pang'onopang'ono, ndipo pa kompyuta, pomwe panalibe kanthu, mitsempha yobiriwira inatulukira umodziumodzi, uliwonse pamalo pake.

Sindinamukonze. Poweruka ndinatseka chitseko mosamala, monga timachitira m'chipinda mukagona munthu wamkulu. Mawa ndilowamo ndekha, ndipo sindikudziwa ngati ndiyambe ndaodira kapena...