Nyimbo Imene Ndinatola kwa a Ndevu

Lolemba, 3 Malichi

Dziko la eni. Kuzizira kolowa m'mafupa. Chipinda anandipatsa chili pamwamba pa kochapira zovala, makina akayamba bedi limanjenjemera.

Unamwino ndinapuma kuti ndipumedi, koma ndine pano, wodzipereka pa nyumba yosamalira okalamba, malipiro palibe. Mwana wanga pondiperekeza anati, "Amayi, anzanu akapuma ntchito amaweta nkhuku." Mwano ngati bambo ake malemu.

Ntchito zanga ziwiri. M'mawa kumeta ndevu abambo a mbali ya kumanzere. Masana kusambitsa ndi kudyetsa mayi wina wa kumanja amene amakhala pazenera tsiku lonse. Dzina lawo linandikanika lilime, ndimangoti Amayi a Pazenera. Chinenero chawo sindimva, changa samva. Oonda ngati mpini wa tsache. Matroni akuti ena akawadyetsa amalavula, koma kwa ine amatsegula pakamwa. Lero mbale yonse ya phala, psiti. Ndinanyada, ndisaname.

Lachinayi, 6 Malichi

Mwa abambo onse mmodzi yekha ndiye wondiseketsa. Ndawatcha a Ndevu, chifukwa zimamera ngati pali wozithira feteleza. Ulemu wake! Ndikalowa amayesa kuimirira, chonsecho miyendo inakana kalekale. Ndikatseka chitseko n'kuyamba kuwapaka sopo, amayamba likhweru chapansipansi. Kanyimbo kokoma, kodumphadumpha, koti ana angavine.

Ine wa kwaya, nyimbo siindidutsa. Ndinaitsatira. Pamene ndinaphonya anandigwira mkono, n'kubwereza, n'kubwerezanso, mpaka ndinaigwira yonse. Anaseka mpaka misozi. Ndinawaonetsa lezala n'kuwauza m'chinenero changa kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anagwedeza mutu ngati amva.

Sopo wanga watha. Mitengo ya kuno, ungalire.

Lolemba, 10 Malichi

Sindikudziwa chachitika.

Ndimawasambitsa Amayi a Pazenera monga mwa masiku onse, ali pa mpando wawo, madzi ndawayesa ndi chigongono. Ndikutsuka kumsana, ndikuimba kanyimbo ka a Ndevu kaja. Mwadzidzidzi thupi lonse gwa, ngati thabwa. Anadzikodzera. Kenako manja awo anayamba kuomba. Pang'onopang'ono, mogwirizana ndi nyimbo, maso ali kukhoma. Ndinayesa akondwa. Ndinakweza mawu.

Phala sanadye. Milomo anaitseka ndithu.

Lachinayi, 13 Malichi

Osadyabe. Madzi okha, ndiponso awapatse wina, osati ine. Ndikafika ndi supuni amatembenukira kukhoma. Zenera lawo lija alisiya.

Dokotala wapima, akuti matenda atsopano palibe. Matroni anandifunsa ngati panachitika china posamba. Ndinati ayi. Nanga ndikanati chiyani? Ndaonjezera shuga, ndasintha supuni, ndapempherera mbale. Ndinayesanso kuwaimbira kuti mtima ukhale pansi, anabisa mutu m'bulangete. Munthu wake ndi uyu wopanda mnofu wosungira. Akapitiriza chonchi sabata ina safika.

Mawa ndi mkuja sindikufuna kupita kulikonse, koma Loweruka akuti odzipereka tonse tikaone malo a chikumbutso cha nkhondo. N'lamulo.

Loweruka, 15 Malichi

Ndilembe ndithu.

Tinakwera basi, msewu wautali, minda yobiriwira, ng'ombe zonenepa. Dziko lokongola, abale. Anzanga odzipereka onse ana aang'ono, mafoni m'mwamba. Ine ndinagona.

Malo ake ndi nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi njanji. Njerwa, malata, simenti pansi. Basi. Chitseko chachitsulo chili ndi mikwingwirima ya zikhadabo kumbali ya mkati, ina m'munsi kwambiri, msinkhu wa mwana. Wotionetsa ndi mayi wa msinkhu wanga, wolankhula mosakweza mawu, ngati akuwerenga zanyengo.

Akuti amuna ndi anyamata ankawatsekera mkatimo. Akuphawo ankabwera akuimba likhweru kuchokera kutali, kuti am'katiwo adziwiretu. Akazi ankawaimika panja pamzere, aziomba m'manja motsatira nyimboyo mpaka ntchito ithe. Mawu ake ndawasunga: "Amene wasiya kuomba, ankalowa naye mkati."

Pakhoma pali batani. Wotionetsa uja anadina kuti timve nyimboyo.

Mayo ine.

Sindinadziwe n'komwe kuti milomo yanga ikuyenda. Ndinali patsogolo pa nyimboyo, ndikudziwa kumene ikhotere. Mayi uja anazimitsa, n'kundiyang'ana. "Mayi, imeneyi mwaimva kuti?" Ndinatuluka, ndinakasanza pa udzu, pafupi ndi maluwa amene anthu amasiya.

Lamulungu, 16 Malichi

Sindinadzuke. Sindinatsike. Kutchalitchi ayi, ndingakaimbe chiyani ndi pakamwa pomwepa?

Amati tsobola wakale sawawa. Anayambitsa mwambi umenewu sanafike kuno.

Ndinakweza mawu. Iwo akuomba m'manja, ine n'kukweza mawu. Chitsiru cha nkhalamba, safunsa anadya phula.

Lolemba, 17 Malichi

Ndawauza Matroni zonse. Anakhala pa mtolo wa matawulo. Kenako anati, "Bambo ameneyo kwa ife saimba. Anadikira munthu wosadziwa."

Amayi a Pazenera anali pamzere uja. Mkatimo munali mwamuna wawo ndi ana awo aamuna. Anaomba mpaka kumapeto, ndiye ali moyo.

Ndinafunsa mokalipa kuti nanga bambo ameneyu akutani pano, akudya buledi wofewa, akumetedwa ngati mkwati? Matroni anati nkhondo inatha, okalamba ndi okalamba, nyumba yake ndi imodzi yomweyi. Chimene angathe n'kuwasiyanitsa makonde. Ine ndiye ndinaolotsa nyimbo kuchoka khonde lina kupita lina, ngati mbewa yolowetsa matenda.

Ndevu ndinametabe, wina panalibe. Anandilonjera mwaulemu womwe uja. Lezala ili pakhosi, ndikuona mtsempha ukugunda. Anasongola milomo kuti ayambe. Ndinawatseka pakamwa ndi dzanja la sopo, mwamphamvu, mpaka anatsokomola. Manja amene abereketsa amayi ambirimbiri awa. Sindikudziwa ngati anachita dala, kapena ndi nyimbo yokhayo yatsala m'mutu mwawo. Sindikudziwa choopsa kwambiri ndi chiti.

Masana ndinakagwada pafupi ndi bedi la Amayi. Ndinapepesa m'chinenero changa, misozi chuchuchu. Sindinaimbe, sindinatulutse ngakhale kamawu ka nyimbo. Anangondiona nkhope, manja awo n'kuyamba kuomba.

Lachinayi, 20 Malichi

Amayi awaika diripi. Mtsempha unasowa, anabaya kangapo. Ine ndikanaupeza kamodzi, koma ndinaima pakhomo ngati wakuba. Dokotala akuti akapanda kudya pofika Lolemba awatumiza kuchipatala chachikulu. Oyeretsa akuti opita kumeneko bedi lawo amapatsa wina tsiku lomwelo.

Ndimapitabe kukawaona, m'mawa ndi masana. Ndimakhala pakona, chete, kuti azolowere kuti sindine mdani. Amandiyang'anitsitsa mpaka ndituluke.

Mwana wanga waimba foni. "Amayi, mawu anuwo bwanji? Bwererani kunyumba." Ndinati ndi chimfine. Ndingabwerere bwanji, munthu ndamugwetsa ndine?

Nyimbo sikuchoka. Potsuka mano, pokwera masitepe. Ndaluma lilime mpaka magazi.

Loweruka, 22 Malichi

Matroni andiitana ku ofesi. Tiyi anandithirira okha, ndinadziwiratu kuti si zabwino. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Anati, "Loweruka lija munapita ku chikumbutso, ndi Lamulungu munagona, mayi aja anadya. Pang'ono, koma anadya. Mutabwera Lolemba anasiyanso."

Ndinati ndiyesetsa, ndivala zina, ndiphimba tsitsi, ndiphunzira kupepesa m'chinenero chawo. Anapukusa mutu. Akuti ndisamukire kochapira zovala. Ndizidzera masitepe a kuseri. Ndisadutse pansi pa zenera lawo. Nsapato zanga zakudazi ndisiye, amazidziwa kulira kwake.

Zaka zonse zija m'mawodi palibe wodwala anandikana. Ndinavomera. Ndinatuluka nsapato zili m'manja.

Lachiwiri, 25 Malichi

Kochapira. Nthunzi, fungo la mankhwala ochapira, mabulangete osatha. Ndimazindikira la Amayi, lili ndi chigamba pakona. Ndimalipinda komaliza. A Ndevu akumetedwa ndi mlonda, akuti afunsa kuti mayi wachilendo uja ali kuti.

Masana Matroni atsika okha, mbale ya Amayi ili m'manja. Anandionetsa. Phala latsala theka lokha. Kuchipatala sapitanso. Ndinakhala pansi, ndinalira, ndinathokoza Mulungu. Ndinapempha kuti ndingowasuzumira pa kampata ka chitseko, kamodzi kokha. Anakana.

Akuti anawauza kuti mlendo uja wabwerera kwawo, wakwera ndege. Amayi anafunsa kawiri ngati n'zoona. Kenako anafunsa chinthu chimodzi asanatsegule pakamwa: "Nyimbo yake ija wapita nayo?"

Matroni anati inde.

Sananame. Ndili nayo. Pano ndikulemba, makina akuzungulira pansipa, phazi langa likugunda lokha motsatira, ndaliponda ndi linzake koma